Mawu alipo, nanga mwini wake ndani?

Mwezi wathawu ndinali kumudzi, kuseri kwa Ntaja, kwa Mfumu Kawinga. Tinkatulutsa katundu m'nyumba ya malemu anganga, amayi awo a mayi anga, poti denga linayamba kudontha ndipo amalume amafuna afolerenso mvula isanagwe. Pansi pa bedi panali tilanki yachitsulo imene amuna awo anabwera nayo kuchokera ku Wankie, kumene lero timati Hwange, ku migodi ya malasha. Titatsegula tinapezamo jekete yodyeka ndi njenjete, mikanda yopempherera, ndi mbale zitatu za galamafoni. Ziwiri zinali zosweka. Imodzi inali yathunthu, koma kapepala ka pakati paja, pamene pamalembedwa dzina la nyimbo ndi la woimba, mphemvu zinadya kalekale. Panangotsala kabowo basi.

Mayi anga anaigwira mbaleyo ngati khanda. Pabanja pathu pali nkhani imene imakambidwa pamaliro paliponse, yoti tsiku lina Lamulungu kukomboni ya mgodi kunafika mzungu ndi galimoto yodzaza mawaya, ndipo ambuje ndi anzawo ochokera kwathu kuno anavina beni iye n'kuwatenga mawu. Ndiye amayi anati, "Mwinatu ndi ababa ali m'menemu." Ine ndinangoti zii. Mudzi wonse mulibe galamafoni. Ngakhale ikanapezeka, ndani akanalumbira kuti mawuwo ndi awo? Ambuje anamwalira amayi ali kamtsikana, ndipo onse amene ankawadziwa mawu anatsikira kulichete.

Chichokereni kumudziko ndakhala ndikuwerenga za anthu amene ntchito yawo ndi kulemba kaundula wa nyimbo zakale m'malaibulale ndi m'nyumba zosungira mbiri. Ntchito yosatchuka, yokhala pampando tsiku lonse. Koma ndaona kuti kujambula mawu ndi theka chabe la ntchito yosunga nyimbo. Theka linalo ndi kakhadi kolembapo kuti woimbayu ndi uje, wa mudzi wakuti, tsiku lakuti. Kakhadiko kakasowa, mawu aja amasanduka mlendo wosadziwa kwawo.

Tiyambe ndi chaka cha 1877, pamene Thomas Edison ku America anapanga makina oyamba otha kugwira mawu ndi kuwabwezanso. Patapita zaka 18, mu 1895, asilikali a boma la Angerezi anakwera phiri la Chikala n'kugonjetsa Kawinga, mfumu yamphamvu ya Chiyao imene inkalamulira njira za malonda a minyanga ndi akapolo zopita kunyanja yamchere. Tangoganizani, makina ojambula mawu anali alipo kale padziko, koma zimene zinaimbidwa pa Chikala masiku amenewo, za nkhondo, za maliro, za amayi othawa ndi ana kumsana, palibe anazigwira. Zimene timawerenga za nkhondoyo zambiri analemba ndi opambana.

M'zaka zomwezo, chakumapeto kwa m'ma 1890, ku Spain anthu anali atayamba kale kugula nyimbo. Kumeneko kuli mtundu wa sewero wotchedwa zarzuela, momwe ochita sewero amalankhula, kenako n'kuimba, kenako n'kulankhulanso. Timasitolo ta ku Madrid, Barcelona ndi Valencia tinkaitana oimba a m'maseweromo kuti aimbire m'chitoliro chachikulu, ndipo singano inkakanda mawuwo pa kachinthu ka phula kooneka ngati kapu yoboola pansi. Tingoti kachitini ka phula. Kamodzi kankanyamula mphindi 2 kapena kupitirirako pang'ono, ndipo poti njira yochulukitsira inali yovuta, woimba ankabwereza nyimbo yomweyo kambirimbiri. Chimene chinandisangalatsa ine n'chakuti nyimbo isanayambe, munthu ankafuula kaye dzina la nyimbo, la woimba ndi la sitolo. Timabokosi tosungiramo tizitinito tinasokonekera, tina tinang'ambika, koma mawu ofuula aja akadali pa phula pomwepo. Olemba kaundula m'malaibulale ngati Biblioteca Nacional ya ku Madrid akamafuna kudziwa kuti kachidutswa aka n'ka sewero liti, anaimba ndani, mawu oyamba amenewo amawathandiza. Musaiwale mfundo imeneyi, tiipezanso kumapeto.

Nyumba yoyamba padziko yosungira mawu ojambulidwa inatsegulidwa ku Vienna mu 1899, ina ku Berlin mu 1900. Akatswiri opita kumaiko akutali ankapatsidwa makina ndi tizitini ta phula kuti akabwere ndi nyimbo. Mmodzi mwa iwo anali Karl Weule wa ku Leipzig, amene mu 1906 anayenda kumwera kwa dziko limene lero ndi Tanzania, kuchokera ku Lindi kulowa ku Masasi ndi Newala, kufupi ndi mtsinje wa Ruvuma. Kumeneko anajambula nyimbo za anthu a m'deralo, kuphatikizapo Ayao, abale athu a tsidya lija. Kutanthauza kuti mawu a Chiyao a zaka zoposa 100 zapitazo anakasungidwa ku Berlin, pamene ife kuno tilibe ngakhale chithunzi cha agogo a agogo athu.

Zimene zinachitikira nkhokwe ya ku Berlin ija ndi phunziro palokha. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, tizitini tambiri tinatengedwa ndi asilikali a Soviet Union, kenako tinakasungidwa ku East Berlin. Mapepala ofotokoza za tizitinito anatsala ku West Berlin. Kwa zaka zoposa 40, mbali ina inali ndi mawu opanda maina, mbali inayo maina opanda mawu. Zinadzakumananso mu 1991 Germany itagwirizana, ndipo panatenga zaka zambiri kuti katswiri wina, mayi Susanne Ziegler, alumikize chilichonse ndi pepala lake n'kutulutsa kaundula wathunthu mu 2006. Mu 1999 bungwe la UNESCO linaika nkhokwe imeneyi pa mndandanda wa zolembedwa zofunika kukumbukiridwa ndi dziko lonse.

Kwathu kuno mawu ojambulidwa anafika pamutu pa matchona. Munthu akachoka ku Joni, ku Salisbury kapena ku Wankie, ulemu wake unali njinga, jekete, tilanki ndi galamafoni yopukusa pamanja. Mbale zake zinali zolemera, zosachedwa kusweka, zozungulira ka 78 pa mphindi, ndipo mbali imodzi inkatha m'mphindi 3. Singano inkafunika kusintha pafupipafupi. Mawu akuti chimbale, amene timatchulabe lero ngakhale nyimbo zili pa foni, anachokera ku mbale zimenezi.

Munthu amene anajambula kwambiri nyimbo za makolo athu m'nthawi imeneyo ndi Hugh Tracey. Anabadwira ku England mu 1903, anabwera ku Southern Rhodesia ali mnyamata kudzalima fodya, ndipo anaphunzira Chikaranga poimba ndi antchito kumunda. Mu 1929 anatenga anyamata 14 a Chikaranga kupita nawo ku Johannesburg kukajambulitsa. Kenako, mothandizidwa ndi kampani ya mbale ya Gallo, anayamba kuyenda ndi magalimoto onyamula makina ndi injini yamagetsi kuzungulira kumwera, pakati ndi kummawa kwa Africa. Mu 1954 anakhazikitsa International Library of African Music, mwachidule ILAM, ku Roodepoort pafupi ndi Johannesburg. Ndalama zina zoyendetsera ntchitoyi zinachokera ku makampani a migodi, ndipo nyimbo zambiri anazijambula m'makomboni a antchito, kumene kunali anthu a mitundu yonse, Anyasa ali pomwepo. Ku Nyasaland anafikako mu 1950 ndi mu 1958. Iye mwini ankagwira maikolofoni pamanja n'kumayenda pakati pa oimba, ndipo akamaliza ankawaseweretsera zimene ajambulazo kuti adzimve okha. Ambiri kanali koyamba kumva mawu awoawo akuchokera kunja kwa thupi lawo.

Pa nyimbo iliyonse Tracey ankalemba khadi. Pakhadipo pamakhala dzina la nyimbo ndi tanthauzo lake m'Chingerezi, woimba, chilankhulo, malo, chaka, zida zoimbira, ndi ntchito ya nyimboyo, kaya ndi ya pamtondo, ya maliro, ya gule kapena ya chinamwali. Ankayenda ndi tizitsulo toyezera kukwera ndi kutsika kwa mawu, moti ankalemba m'manambala mmene bangwe kapena kalimba ya munthu yachunidwira. Nyimbozi zinatuluka pa mbale zoposa 200 zotchedwa Sound of Africa, ndipo kaundula wake anasindikizidwa mu 1973 m'mabuku awiri. Tracey atamwalira mu 1977, mwana wake Andrew anasamutsira ILAM ku Rhodes University ku Grahamstown, lero Makhanda, mu 1978. Masiku ano nyimbozi zinaikidwa pa kompyuta ndipo kaundula wake ali pa intaneti. Kulinso ma CD awiri a nyimbo za ku Malawi za m'zaka za 1950, 1957 ndi 1958 amene anatulutsa a SWP Records, ndipo imodzi mwa iwo ili ndi nyimbo za Amang'anja, Achewa ndi Ayao.

Ndiye mukhoza kufunsa kuti, aise, bwanji osangolemba dzina la ambuje ako pa intaneti pomwepo n'kuona? Apa m'pamene nkhani imavutira. Dzina lake liti? Mwamuna wa Chiyao wa nthawi imeneyo ankakhala ndi dzina la paubwana, lina lotuluka nalo ku jando, lina la kumzikiti, kenako la pa chitupa limene ankadziwika nalo kuntchito. Pajatu ambiri ankalembetsa maina ngati Tebulo, Supuni, Sikisi kapena Foloko, ena pothawa msonkho, ena poti kalaliki wachizungu amalephera kutchula dzina lenileni. Ife pabanja tinasunga maina awiri oyamba aja. La pa chitupa palibe analisunga, ndipo m'tilanki muja chitupa munalibe. Vuto limenelo ndi lathu, sitingaloze chala munthu.

Komanso makhadi a nthawi imeneyo ali ndi malire ake. Ankalembedwa kudzera mwa womasulira, maina n'kulembedwa mmene khutu la mlendo lamvera. Kawirikawiri amatchula mtsogoleri wa nyimbo yekha, ena onse n'kungoti gulu la amuna kapena gulu la amayi a mtundu wakuti. Anthu ankaikidwa m'mabokosi a mitundu, pamene tikudziwa kuti kuno kwa Kawinga, Myao, Mlomwe ndi Mnyanja akhala akukwatirana ndi kuvinira bwalo limodzi kuyambira kale. Maina a malo nawonso anasintha. Fort Johnston ndi Mangochi, Port Herald ndi Nsanje, Fort Manning ndi Mchinji. Boma lathu lino linatchedwapo Kasupe lisanakhale Machinga, ndipo Balaka inakhala boma palokha mu 1998. Ukalemba Machinga pofufuza khadi la m'ma 1950, ukufunsa dzina limene wolemba khadiyo sankaligwiritsa ntchito. Wolemba kaundula wabwino amayenera kudziwa zonsezi, n'kuika dzina lakale ndi latsopano pamodzi kuti mdzukulu adzathe kupeza.

Palinso china chimene mbale singanyamule. Beni ndi sewero lathunthu. Linayambira m'matauni a Chiswahili a kugombe la nyanja yamchere m'zaka za m'ma 1890 potsanzira mabandi a asilikali, ndipo linafala kwambiri kuno nkhondo ya 1914 mpaka 1918 itatha, asilikali a KAR ndi amtengatenga atabwerera kumudzi. Muli maudindo, mayunifolomu, mamendulo, kuguba, wezulo, ndi nthabwala zoseka atsamunda iwo ali pomwepo osazindikira. Wolemba mbiri Terence Ranger analemba buku lonse la gule ameneyu mu 1975. Tsono chinthu chotenga masana onse, mbale imangodulapo mphindi 3. Ngati khadi silinena kuti nyimboyi imaimbidwa polowa m'bwalo kapena potuluka, amene akunyozedwa ndi ndani, womvera wa lero amangomva ng'oma ndi wezulo basi. N'chimodzimodzi ndi manganje, sikiri, likwata kapena mangolongondo. Anzathu a zarzuela aja vuto lawo ndi lomweli, kachidutswa kali m'manja koma sewero lonse lili kwina.

Komabe tisanyoze makhadiwa, chifukwa pamene analembedwa bwino achita zodabwitsa. Mu 1950 Tracey anajambula nyimbo yotchedwa Chemirocha pakati pa Akipsigis ku Kapkatet m'dziko la Kenya. Mu 2014, patapita zaka 64, a ILAM motsogozedwa ndi mayi Diane Thram, pamodzi ndi anzawo a ku Kenya, anabwerera kuderalo atanyamula nyimbozo ndi maina a pa makhadi. Anafunsa khomo ndi khomo mpaka anapeza mabanja a oimba, ngakhalenso mkulu wina amene anaimba nawo tsiku limenelo. Chinawafikitsa pakhomo ndi dzina la malo ndi dzina la munthu zimene wina analemba ndi cholembera mu 1950.

Kwathu kuno chitsanzo chabwino ndi Gerhard Kubik wa ku Vienna, amene mu 1967 anakumana ndi Daniel ndi Donald Kachamba akuimba mumsewu ku Blantyre. Iye ankalemba zonse, dzina, mudzi, tsiku, mawu a nyimbo, kachunidwe ka gitala. N'chifukwa chake mbiri ya anyamata a kwa Singano ku Chileka ikudziwika dziko lonse, ndipo zimene anajambula zikusungidwa ku Vienna, m'nyumba yomwe ija ya 1899. Chokoma kwambiri n'chakuti ntchitoyo sinathere m'manja mwa mlendo. Moya Aliya Malamusi, mwana wa pa Singano pomwepo, anaiphunzira n'kuyamba kujambula ndi kulemba yekha, ndipo pamudzipo anakhazikitsa Oral Literature Research Programme.

Nkhokwe ina yaikulu ndi ya MBC, imene inayamba mu 1964. Kwa zaka zambiri woimba wa ku Malawi akafuna kumveka ankajambulitsa kumeneko, pa matepi akuluakulu a mawilo. Allan Namoko, Michael Yekha, Robert Fumulani ndi ena ambirimbiri mawu awo ali m'menemo. Tepi nayo imakalamba. Kutentha ndi chinyontho zimaimatitsa, ina imayamba kununkha ngati viniga, ndipo makina oiseweretsa ndi osowa masiku ano. Mwamwayi panachitika ntchito yosamutsa matepiwa kuwaika pa kompyuta mothandizidwa ndi dziko la Norway, ndipo Waliko Makhala anali m'gulu la amene anaigwira. Pantchito ngati imeneyi, zolembedwa pa bokosi la tepi zimasamalidwa ngati tepi yomweyo.

Tsono tibwere pa ife. Balaka ndi likulu la nyimbo. Alleluya Band inayamba mu 1978, situdiyo ya Paul Banda ya Imbirani Yahwe inatulutsa oimba osawerengeka, ndipo m'zaka za m'ma 1990 dziko lonse linkavina zochokera ku Balaka. Zonsezo zinali pa kaseti, ija tinkabweza ndi cholembera posunga mabatire. Kaseti iliyonse inali ndi kapepala kake, pamene pankalembedwa mndandanda wa nyimbo, situdiyo, chaka, nthawi zina ndi amene anaimba besi kapena kuvomereza. Makaseti atatha fasho, anyamata obena nyimbo pa Ntaja, pa Nselema, pa Liwonde ndi pa Balaka anazisamutsira pa kompyuta, ndipo tiwathokoze chifukwa popanda iwo zambiri zikanatayika. Koma timapepala tija tinapita kudzala. Lero tsegulani memole khadi yanu muone: Track 03, Unknown Artist, Zakale Mix. Lucius Banda atamwalira mu June 2024, m'magulu a WhatsApp munadzaza nyimbo zake, ndipo ndinaona anthu akukangana kuti nyimbo yakuti ili m'chimbale chiti, inatuluka liti. Ameneyo ndi Soja, munthu wodziwika dziko lonse, wadzulodzuloli. Nanga amene ankamenya ng'oma kumbuyo kwake? Nanga kwaya ya pa tchalitchi chakumudzi imene inajambula kaseti imodzi yokha?

Mbadwo wathu ndi umene wajambula mawu ambiri kuposa mibadwo yonse ya m'mbuyomu kuiphatikiza. Pa chinamwali, pa ziyala, pa ukwati, pa sadaka, mafoni amakhala m'mwamba. Koma zonsezo zimasungidwa ndi maina ngati AUD-20240815-WA0012. Foni ikagwera m'madzi pa Chiuta kapena ikabedwa m'minibasi, zapita. Zikapulumuka, zimayenda foni ndi foni mpaka palibe wodziwa kuti agogo akuimbawa ndi a mudzi uti. Timadandaula kuti azungu analemba makolo athu kuti gulu la amayi, pamene ife sitikulemba n'komwe.

Mankhwala ake ndi aja a m'timasitolo ta ku Madrid. Musanayambe kujambula, pemphani kaye chilolezo, chifukwa zina, monga za kundagala, si zoti zizimveka paliponse. Akalola, tsegulani foni n'kunena ndi pakamwa panu tsiku, mwezi, chaka, mudzi, mfumu ndi boma. Woimbayo atchule yekha maina ake onse, la paubwana lomwe. Anene kuti nyimboyo anaiphunzira kwa yani, imaimbidwa nthawi yanji, ikutanthauza chiyani. Akakhala gulu, aliyense atchule dzina lake, ngakhale woomba m'manja. Zikatero khadi lili mkati mwa mawu momwemo, mphemvu singalidye, WhatsApp singalifufute. Kenako sinthani dzina la failo, ndipo musunge malo awiri kapena atatu, ina mutumize kwa m'bale amene ali ku Joni. Mukakhala ndi kaseti kapena mbale yakale, jambulani chithunzi cha kapepala kake mbali zonse musanachite china chilichonse.

Tsiku loti ndibwerera m'tauni, ndinawakhazika amayi pakhonde. Ndinatsegula foni, ndinatchula tsiku ndi mudzi, kenako ndinati, "Amayi, tatchulani maina anu onse." Anandiyang'ana n'kuseka. "Iwe, wapenga? Ukundifunsa dzina ngati sunayamwe bere langa?" Ndinati, "Ine ndikukudziwani, koma adzukulu a adzukulu anu adzafunsa." Anakhala kaye chete, kenako anatchula, ndipo linatuluka ndi dzina lina limene ine sindinalimvepo chibadwire. Anatchulanso maina awiri a bambo awo. Atatero anaimba kanyimbo kamene ambuje ankakonda kung'ung'udza akamakonza njinga pansi pa mtengo wa mango. Pakati anaiwala mawu, anaima, anayambiranso. Sindinadule chilichonse.

Mbale ija tinaikulunga m'chitenje n'kuibwezera m'tilanki. Ndinang'amba pepala m'kope la mwana wa amalume n'kulembapo zonse zimene tikudziwa: mwini tilanki, maina ake awiri, kumene ankagwira ntchito, nkhani ya mzungu wa mawaya, tsiku limene taipeza, ndi maina a ife amene tinalipo. Pepalalo ndinaliika m'jumbo n'kumanga, kuopa mphemvu. Ndikufunafuna munthu amene ali ndi galamafoni yoti ikugwirabe ntchito. Ngati mukumudziwa, kaya ndi ku Zomba, ku Balaka kapena ku Limbe, ndiuzeni, ndidzabwera ndi amayi.